Mphika Umodzi Kapena Iwiri

Anafika sabata imodzi, onse awiri atanyamula makalata owatumiza pa sukulu yathu, kumadzulo kwa boma la Mzimba, komwe ukakwera pachulu madzulo umaona utsi wa midzi ya ku Zambia. Woyamba anatsika pa kabaza wa njinga yamoto Lachiwiri masana, ali ndi chikwama chimodzi, mphasa yokulunga ndi ndowa ya pulasitiki momwe munali poto, mbale ziwiri ndi mthiko. Kwawo kunali ku Phalombe. Wachiwiri anabwera Lachisanu kutada, pa lole yomwe inkadzatenga chimanga, ndipo ife tinayamba kumva kulira kwa khanda tisanaone nkhope ya mwini wake. Anatsitsa matiresi, thumba la ufa, mpando umodzi ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo, kenaka anatambasula dzanja kuti mkazi wake atsike. Ameneyu anali wa ku Dedza.

Ine nthawi imeneyo ndinali wachiwiri kwa a hedi, ndipo kwa zaka zitatu ndinkaonana nawo tsiku ndi tsiku. Msinkhu wawo unali umodzi, zaka zosafika 30. Onse anali okwatira, aliyense ali ndi mwana mmodzi. Onse anachita maphunziro a uphunzitsi a zaka ziwiri a IPTE, onse anadikira nthawi yaitali asanalembedwe ntchito, ndipo malipiro awo anali ofanana mpaka tambala. Chowasiyanitsa chinali chimodzi chokha: wina anasiya banja kumudzi, wina anabwera nalo. Funso la kusiya banja kapena kupita nalo limamupeza pafupifupi mphunzitsi aliyense wachinyamata m'dziko muno, chifukwa wolowa IPTE ankavomera kuti akamaliza akaphunzitsa kumudzi zaka zisanu, ndipo mudzi umene amatumizidwako kawirikawiri si wa kwawo. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, sukulu za kumidzi sizinakhutepo aphunzitsi. Choncho achinyamata amapitabe kutali.

Munthu angafulumire kunena kuti wosiya banja ndiye amasunga ndalama, poti pakamwa podyetsa ndi pake pokha. Zimene ndinaona n'zosiyana. Wa ku Phalombe uja malipiro akalowa ankapita kwa ejenti pa msika, n'kutumiza gawo lalikulu kunyumba pa Airtel Money kapena Mpamba. Zotsalazo ankalipira lendi ya kachipinda komwe ankagona, n'kugula bonya, masoya ndi kabotolo ka mafuta. Mchere unkagulidwa kawiri, wa ku Phalombe ndi wa kuno. Sopo kawiri, machesi kawiri, moto kawiri. Pamwamba pa izo panali ulendo. Kuchoka kwathuko kukafika kwawo ndi makilomita oposa 600: kabaza mpaka pamsewu, matola mpaka pa boma, basi kudzera ku Jenda, Kasungu ndi Lilongwe mpaka Blantyre, kenaka minibasi ya ku Phalombe. Masiku awiri panjira, kupita ndi kubwerera katatu pachaka. Alawansi ya aphunzitsi a kumudzi, yomwe inayambira pa K5,000 pamwezi, sinkafika ngakhale pakati pa ulendowo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, tchuthi china anangokhala pasukulu, akuchapa zovala ndi kuyang'ana msewu.

Komabe sikuti anasankha mopusa. Kwawo ndi kwa chikamwini, munda ndi wa mkazi, ndipo ku Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu malo ndi ochepa kwambiri moti munda ukagona chaka chimodzi osalimidwa, mbale wina amaulowa, kuutulutsanso m'manja mwake n'kufuna ankhoswe ndi amfumu. Mkazi wake anatsala kuti agwire nthaka. Ankakolola chimanga, n'kugulitsa nandolo, ndipo kuchokera m'ndalama zotumizidwa zija nyumba ya njerwa zowotcha inayamba kukwera. Iye ankationetsa zithunzi zake pa foni: lero maziko, mwezi wina yafika pamazenera. Mnzake wa ku Dedza analibe ngakhale njerwa imodzi kumudzi kwawo.

Chimene anali nacho wa ku Dedza ndi mphika umodzi. Mvula yoyamba isanagwe anapita kwa amfumu ndi nkhuku imodzi mwa ziwiri zija, n'kubwerekedwa kamunda kuseri kwa bwalo la mpira. Analimamo chimanga ndi mtedza. Mkazi wake ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa nthawi ya buleki, analowa banki m'khonde ndi amayi a m'mudzimo, ndipo chaka chachiwiri anagula mbuzi. Sanali olemera. Masiku otsiriza a mwezi nawonso ankadya nkhwani wopanda tomato. Koma sindinamuonepo akupita kwa wakatapila, pamene mnzakeyo anapitako kangapo, makamaka mwana akadwala kunyumba ndipo foni ikalira pakati pa mwezi.

M'kalasi onse anali akhama, ndipo ndikanati ndiyeze ndi masikimu ndi malesoni pulani okha, wa ku Phalombe ndiye anali patsogolo. Zolemba zake pabolodi zinali zowongoka ngati zosindikiza. Koma iye ankayenda mphindi makumi anayi kuchokera pa msika, nthawi ya dzinja akufika buluku litanyowa mpaka m'mawondo, pomwe mnzake ankangotuluka m'nyumba n'kumva belu ali pakhonde. Sabata yotsekera, mayeso akangotha, mtima wake unkakhala utakwera kale basi. Potsegulira ankachedwa masiku atatu kapena anayi, nthawi zina chifukwa cha ndalama yoyendera, nthawi zina chifukwa mwana wamugwira mwendo akulira. Ana a Sitandade 4 ankakhala akumudikira. A hedi ankamudzudzula monga mwa lamulo, koma akatuluka mu ofesi ankapukusa mutu n'kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Pali chinanso chomwe aphunzitsi sakonda kuchinena poyera. Mnyamata wa malipiro a pamwezi, wogona yekha pa msika, anthu amamudya miseche ngakhale asanalakwe. Mayi wina akangomupatsa kambale ka ndiwo, mawa lake nkhani yafika kumjigo. Wathuyu anadzisunga, ndikuchitira umboni. Koma ndaona ena ambiri amene kusungulumwa kunawakokera ku mowa, ena n'kukhala ndi banja lachiwiri lomwe la kumudzi silikudziwa, ndipo ena, chomvetsa chisoni koposa, n'kuwononga tsogolo la atsikana omwe anapatsidwa kuti awaphunzitse. Kukhala wekha sikuchotsa mlandu pa munthu wotere. Ndikungonena kuti amene amatumiza achinyamata kutali aziwerengeranso maola a pakati pa kuweruka ndi kugona, chifukwa ndi ambiri.

Nkhani ya chiyankhulo inandidabwitsa. Ana athu amafika mu Sitandade 1 akuyankhula Chitumbuka chokha, ndipo Chichewa amakumana nacho ngati phunziro. Aphunzitsi awiriwa anabwera osadziwa ngakhale kuti ndiwo kuno amati dende. Amene anayamba kuchigwira Chitumbuka sanali mmodzi wa iwo: anali mkazi wa wa ku Dedza uja. Kumjigo, kuchigayo, kusikelo, kumaliro, palibe amene ankamumasulira, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi ankatsutsana mtengo wa tomato ngati mwana wa pompo. Mwamuna wake anaphunzira kwa iye, kenaka kwa mwana wawo yemwe anayambira kuyankhula pakati pa ana a m'mudzimo. Makolo akabwera ndi dandaulo ankafunsa za "ŵasambizgi ŵa ku Dedza", chifukwa ankadziwa kuti akamvana nawo. Wa ku Phalombe anatha zaka zitatu ali pa "monire" ndi "yewo" pokha. Mawu ake onse ankawasungira foni ya usiku.

Pa za mapemphero ndiye ndimalephera kunena msanga kuti uyu anaposa uyu. Wa ku Dedza anali wa CCAP. Anabwera ndi kalata yochokera ku mpingo wa kwawo, wa Sinodi ya Nkhoma, n'kuipereka kwa akulu a mpingo wa kuno, womwe uli pansi pa Sinodi ya Livingstonia. Masabata oyamba ankakhala kumbuyo, Buku Lopatulika lili pamiyendo, akutsatira ndi chala pamene wowerenga akuwerenga m'Chitumbuka. Nyimbo za m'buku la Sumu za Ukhristu zina ankazizindikira ndi maimbidwe ake, n'kumaziimba chamumtima m'Chichewa. Mkazi wake, yemwe kwawo anali wa Chigwirizano, analandiridwa ndi amayi a Umanyano. Chisanathe chaka mwamunayo anapatsidwa Sande Sukulu, kenaka buku la zopereka, chifukwa kumudzi mphunzitsi ndiye amadaliridwa pa cholembera. Mpingo unamudyera nthawi yambiri, Loweruka lina lililonse ali kumsonkhano, koma unamupatsa azibambo ndi azimayi.

Wa ku Phalombe anali Mkatolika. Kwathuko kuli katchalitchi ka nthambi komwe wansembe amafika mwa apo ndi apo, masabata ambiri mapemphero akutsogoleredwa ndi akatekisiti. Iye sankasochera, poti dongosolo la Misa ndi limodzi kulikonse: ankadziwa pogwada ndi poimirira ngakhale mawu sankawamva. Sankajomba. Koma dzina lake linatsala ku limana la kwawo, mtulo ankaperekera kwawo, ndipo mapemphero akatha ankapereka moni kwa awiri atatu n'kubwerera ku kachipinda kake. Tsiku lina ndinapita kukamusiyira rejisitala usiku. Ndinamupeza atagwada pamphasa, kolona ili m'dzanja, foni ili pampando atayikweza mawu, iye akuyamba pemphero, mkazi wake akutsiriza ali ku Phalombe. Ndinadikira panja mpaka mayunitsi atawathera. Sindikukhulupirira kuti pasukulu ponse panali wina wopemphera ngati iyeyo. Koma pempherolo linalibe anthu oyandikana nalo, oti angamugwire paphewa.

Zimenezi zinaoneka mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera. Wailesi inayamba ndi Chilobwe ndi Soche ku Blantyre, kenaka inatchula Mulanje ndi Phalombe: matope ndi miyala kutsika m'mapiri, midzi kukokoloka, misewu kuduka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Foni ya mkazi wake inasiya kupezeka. Pasukulu pathu netiweki imagwira bwino pachulu chimodzi cha kuseri kwa Sitandade 8, ndipo iye anakhala pamenepo masiku atatu, akuimba nambala iliyonse yomwe ankaidziwa. Analowako m'kalasi tsiku loyamba, analemba deti pabolodi, n'kuima choko chili m'manja mpaka ana anayamba kuyang'anana. A hedi anamuuza kuti atuluke, ana tiwaona ife.

Madzulo a tsiku lachiwiri ndinaona mkazi wa mnzake akukwera chulu chija, mwana kumsana, mbale ziwiri zovundikira m'manja. Anagwada n'kunena kuti, "Alamu, idyani kaye. Foniyo ikalira ikupezeni muli ndi mphamvu." Anadya nthongo zitatu zokha. Usiku umenewo sanamulole kubwerera ku msika. Anamuyalira pabalaza, ndipo akulu awiri a mpingo wa mnzakeyo, anthu omwe sanali a chipembedzo chake, anabwera kudzapemphera naye. Tsiku lachinayi m'mawa inalowa nambala yachilendo. Anali mkazi wake, atabwereka foni ku msasa wa pasukulu ina. Iye ndi mwana anali moyo. Nyumba ya njerwa ija inagwa, munda unakwiririka ndi mchenga. Mnyamatayo anangokhala pansi pafumbi, foni ili kukhutu, osayankhula kanthu. Ndalama yoyendera inasonkhedwa tsiku lomwelo, ndipo yambiri inachokera kwa anthu omwe ankamudziwa kudzera mwa mnzake.

Wina angamve izi n'kuganiza kuti wobwera ndi banja sataya kanthu. Amataya, ndipo wolipira kwambiri ndi mkazi. Mayi uja anasiya munda wake ku Dedza, mng'ono wake n'kuulowa. Anali ndi maganizo obwereza mayeso a Fomu 4, koma kwathuko sukulu yoti angalowe madzulo kulibe. Pa mimba yachiwiri anakakhala kuchidikiro cha chipatala cha mishoni ndi mayi wina wa Umanyano, munthu wabwino ndithu, koma osati amake. Amake enieniwo anamwalira chaka chomwecho. Uthenga unafika usiku, ndalama ya anthu awiri ndi ana inapezeka mawa lake masana, ndipo pofika ku Dedza anapeza anthu akuchokera kumanda. Anangoonetsedwa mtumbira. Atabwerera anakhala milungu ingapo osakazinga zitumbuwa, osapita kukwaya, akungokhala pakhonde. Mwamuna wake anandiuza kuti pa maliro omwewo mwana wawo wamkulu analonjera agogo ake aamuna m'Chitumbuka, ndipo nkhalambayo inafunsa kuti, "Kodi mwanayu adzatidziwa ife?" Funso limenelo linamusowetsa tulo. Mwana wa mnzake wa ku Phalombe ankakula ali pamiyendo ya agogo ake, akudziwa asuweni ake onse ndi mayina. Chomwe sankadziwa bwino ndi nkhope ya bambo ake, omwe pa tchuthi china anawathawa n'kukabisala kuseri kwa chitseko.

Nkhani imeneyi ndi yakale kuposa sukulu za boma. Amishoni a ku Livingstonia, Nkhoma ndi Blantyre ankatumiza aphunzitsi achinyamata ku midzi yakutali, mphunzitsi yemweyo ali mlaliki Lamulungu. Mu 1904 David Kaunda anachoka ku Livingstonia kupita ku Chinsali, pakati pa Abemba, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Anakhazikika kumeneko ndi mkazi wake Helen, yemwenso anali mphunzitsi, ndipo mwana wawo Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Banja limenelo linamera mizu komwe linatumidwa. Mbiri yathu ilinso ndi tsamba lina lowawa: mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo za kwawo, ndipo aphunzitsi ambiri a kumpoto anachotsedwa m'sukulu za pakati ndi kummwera, ena atakwatira komweko ndi kubereka ana komweko. Ndikaona mnyamata wa ku Phalombe akuphunzitsa ana a ku Mzimba, ndimaona chinthu chomwe tinachitaya nthawi ina ndipo sitiyenera kuchitayanso. Kutumiza aphunzitsi kunja kwa zigawo zawo n'kwabwino. Chofunika n'kuwatumiza moti akakhazikike.

Wachinyamata akandifunsa lero kuti nditani, ndimamuuza kuti ngati mkazi kapena mwamuna wake wavomera ndi mtima wonse, atengane. Ndimamuuzanso kuti akambirane kaye za munda, za maphunziro a mnzakeyo ndi za kandalama kosungira maulendo adzidzidzi, chifukwa zimenezi ndi zomwe zinaliritsa banja la ku Dedza lija. Koma poyeza zonse, mavuto awo ankawasenza ali awiri, ana a sukulu anali ndi mphunzitsi kuyambira tsiku lotsegulira mpaka lotsekera, ndipo mudzi unapeza munthu. Zomwe wa ku Phalombe ankamanga kwawo zinali zenizeni, koma ankazigula ndi zaka zoyamba za mwana wake, zomwe palibe mwezi umene adzazilandire ngati maariyasi.

Komatu si aliyense amene amapatsidwa mwayi wosankha, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Sukulu yathu inali ndi aphunzitsi khumi ndi mmodzi, nyumba zinayi zokha. Sabata imene awiriwa anafika, nyumba yopanda munthu inali imodzi, yodontha kuchipinda, khitchini yake itagwa. Inaperekedwa kwa amene anabwera ndi khanda, ndipo panalibe wotsutsa. Wa ku Phalombe anandiuza tsiku lomwelo kuti, "Bwana, ikapezeka ina ndikawatenga mayi a kunyumba, munda tisiyira achemwali awo." Freddy atawononga munda uja ananenanso mawu omwewo, tsopano mochonderera. Kachipinda ka pa msika kanali koyandikana ndi malo omwera mowa, kopanda bafa, kosati n'kulereramo mwana. Nyumba sinapezeke. Kwa aphunzitsi aakazi vutoli limakula kawiri: mtsikana wongochoka kukoleji sangagone pa msika yekha, ndipo ambiri amayamba kupempha kusamutsidwa asanamasule n'komwe katundu. N'chifukwa chake atsikana a m'sukulu zambiri za kumudzi amafika Sitandade 8 asanaphunzitsidwepo ndi madamu.

Zaka zitatu zitatha, pempho lake losamukira kummwera linavomerezedwa. Anachoka monga anabwerera, chikwama chimodzi, mphasa ndi ndowa. Ana a kalasi yake anamuperekeza mpaka pa mlatho, ndipo teremu yonse yotsatira tinawaphatikiza ndi kalasi ina chifukwa wolowa m'malo mwake sanabwere. Wa ku Dedza akadali komweko, ndipo mwana wake woyamba uja walowa Sitandade 1 pa sukulu yomweyo.

Kwa inu amfumu, a komiti ya sukulu, makolo ndi akulu a mipingo: chilimwe chino mukamaumba njerwa za chitukuko, yambani mwawerenga aphunzitsi anu ndi nyumba zomwe muli nazo. Mukamva kuti kukubwera mphunzitsi watsopano, mufunseni ngati ali ndi banja, mumuonetse pogona ndi polima asanafunse yekha, ndipo Lamulungu loyamba mutumize munthu akamutenge.